Dokotala Atati Tidikire

Mayi wina wosoka malaya anasiyira sukulu Fomu 2, koma mawu achingerezi akuti "wait" amawadziwa bwino. Aphunzitsi ankamulembetsa ziganizo zake m'kope: kudikira basi, kudikira mnzako pachipata, kudikira kuti mvula ikate. Iye ankakhoza zonse.

Lachiwiri m'mawa anafika kuchipatala mwana wake wa miyezi isanu ndi inayi akubanika, tinthiti tikulowa m'kati akamapuma. Dokotala, mlendo wolankhula Chingerezi chokha, anamvetsera pachifuwa pa mwanayo n'kumunyamula yekha. Pakhomo la chipinda anatembenuka, analoza benchi, n'kunena mawu omwe aja. Chitseko chinatsekeka.

"Akuti chiyani?" anafunsa mlamu wake amene anamuperekeza. "Paja ophunzira pabanja pathu ndi inu, mlamu."

"Akuti tidikire."

"Mpaka liti?"

Mayiyo anafufuza m'mutu ziganizo zonse za m'kope muja, koma panalibe n'chimodzi chomwe chofunsira zimenezo. Anakhala pabenchipo atafumbata kasokosi kamene kanavuka mwana akunyamulidwa. Maso ake sanachoke pachitseko, kuti chikangogwedezeka aimirire.