Ng'ombe Inafera Benchi

Ku Edingeni ukafunsa za a Wilson Zgambo, anthu sayamba ndi fodya wawo, ngakhale amalima wabwino ndithu. Amayamba ndi pakamwa. Bamboyu wakhala akulalatira makochi a timu ya dziko kwa zaka makumi atatu, kuyambira nthawi imene ankayanika mabatire a wailesi padzuwa kuti afike nawo kumapeto kwa masewero. Kochi aliyense amabwera ali mpulumutsi, pakatha miyezi itatu ndi mbuzi ya munthu. Timu ikagonja, ndipo imagonja kawirikawiri, mkazi wawo nyaShaba amadziwa kuti tsiku limenelo ngakhale nkhuku isayerekeze kukwera pakhonde.

Komatu ukali wonsewo unali chikondi. Mwana wawo wachitatu, Calvin, anamuphunzitsa okha kumenya mpira wachikulunga ndi mwendo wamanzere kuseri kwa khola. Ankamukweza panjinga mpaka ku Embangweni kukasewera ndi masukulu ena, iwo n'kuima kumbuyo kwa golo kumakangana ndi oyimbira. Calvin anakula, anatengedwa ndi timu ina ya ku Lilongwe, ndipo chaka chino dzina lake linatuluka pa mndandanda wa timu ya dziko. A Zgambo chinthu ankachifuna chinali chimodzi basi: kuona ndi maso awo mwana wawo atavala malaya a dziko.

Mtima uli m'malere, analowa m'khola n'kuloza mtheno wonenepa kuposa ng'ombe zonse kuti uphedwe pa chikondwerero.

"A Zgambo, bwanji mudikire mwanayo alowe kaye?" anatero nyaShaba.

"Iwe nyaShaba, ndi kochi wamisala yekha angasiye Calvin panja."

"Nanga si inu nomwe mumati onse ndi amisala?"

Ng'ombe inagwa m'mawa wa Loweruka, tsiku la masewero. A Bestone, mphunzitsi wochokera ku Dedza, anabwera ndi kanema wawo ndi jenereta, n'kuziika m'chigafa cha fodya kuti dzuwa lisathobwe zithunzi. Anthu anachokera kutali, ena kufupi ndi malire a Kasungu, ndipo pofika masana m'chigafa munalibe poponda.

Tsono kwawoko nyama ya ng'ombe sagawa mwachisawawa. Imayalidwa pachikumba, chikopa cha ng'ombeyo, mwini ng'ombe amagwira mpeni, ndipo sachokapo mpaka aliyense woyenera atalandira mbali yake. Kusiya mkulu ali chiimire pachikumba ndi mwano woti anthu angaukumbe mpaka pamaliro ako. Ndiye ntchito inkayenda bwino kufikira pa linunda. A Thomson, akulu awo a Zgambo, anati linunda ndi lawo monga mutu wa banja. Amalume ake a Calvin anati ayi, mwanayo mwendo wamanzere anatengera kwawo. Madoda awiri aimvi anagwirana pa nyama ngati agalu awiri pa fupa limodzi.

Mkangano uli mkati, m'chigafa munaphulika nthungululu. NyaShaba anatulukira akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Bwerani msanga! Akuimba nyimbo ya fuko, ndipo akumuonetsa Calvin! Waimirira pa benchi, dzanja pamtima!"

A Zgambo anaponya phazi limodzi, koma a Thomson anawagwira pamkono. "Mbwenu undisiya pano ine mkulu wako chifukwa cha mpira?"

A Zgambo anabwerera. "Pita, nyaShaba," anatero. "Wa pa benchi ndimuonerenji? Ndimuona akalowa."

Linunda analidula pakati, aliyense n'kuchoka akung'ung'udza. A Zgambo analowa m'chigafa mpira utayenda mphindi khumi, timu itamwa kale chigoli chimodzi.

Zimene anaona zinawawiritsa magazi. Anyamata ankapatsirana mpira chobwerera m'mbuyo ngati golo ya adani ili ndi njuchi. Kutsogolo kochi anaikako munthu mmodzi yekha, wamimba, amene mpira ukabwera ankauperekeza ndi maso.

"Uyu anamutola kuti?" anakuwa a Zgambo. "Ngakhale ngolo yanga imatembenuka msanga kuposa ameneyu! Kochi iwe, maso uli nawo kapena ndi zokongoletsera nkhope?"

Chigawo chachiwiri timu inamwa chachiwiri. Kochi anasintha osewera awiri, onse otchinga kumbuyo. A Zgambo anadzuka n'kukankha mpando.

"Tamwa ziwiri, iye akuteteza! Akuteteza chiyani? Nyumba yapsa kale, iye ali kalikiliki kukhoma chitseko! Malipiro akudya a misonkho ya fodya wanga, mwana womwetsa zigoli wamukhazika ngati wabwera kudzadikira basi!"

"Mtima pansi, bambo," anatero a Bestone. "Mwina akumusungira kumapeto."

"Kumapeto kwa chiyani, aphunzitsi? Kwa dziko?"

Kochi anasintha wachitatu, anasintha wachinayi. Kunatsala mwayi umodzi, ndipo m'chigafa munali zii, kumangomveka jenereta. Patatsala mphindi zisanu, woulutsa ananena kuti Calvin Zgambo wauzidwa kuti akonzeke. Amayi anayamba kuvina. A Zgambo anasendera mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi, koma kamera inali kalikiliki kutsata mpira. Kenaka mnyamata wina wapakati anagwa n'kugwira bondo. Kochi anasintha maganizo pomwepo, nalowetsa wapakati mnzake. Kherere womaliza analira, ziwiri kwa duu.

A Zgambo anakalipa mpaka mawu anasasa. Anatukwana kochi, anatukwana amene anamulemba ntchito, anatukwana ndi amene anamukweza ndege. Anati timu imeneyi yawadyera unyamata, yawadyera mabatire, lero yawadyera ng'ombe. Alendo anayamba kuzemba mmodzimmodzi, aliyense ndi kaphukusi kake ka nyama kukhwapa. A Thomson potsazika anangoti, "Yewo chomene, nyama njiweme," ndipo mawu oyamikira kukoma kwa nyama amenewo anawapweteka a Zgambo kuposa zigoli ziwiri zija.

Dzuwa lisanalowe foni inalira. Anali Calvin. A Zgambo sanadikire ndi moni yemwe.

"Mwana wanga, longedza ubwere kuno! Kochi ameneyo ndi mfiti. Ine ndikwera basi, ndikamufunse pamaso kuti unamulakwira chiyani!"

"Adada, musadandaule chomene," anatero Calvin, mawu ake ali ofewa. "Mwina sadzandiitananso, akuti ulendo wamawa atenga ena. Koma malaya ndavala, adada. Anzanga akuti nthawi ya nyimbo ya fuko kamera inaima pa ine nthawi yaitali. Ndinaimba mokweza dala, poti ndimadziwa kuti inu mukuonera. Mwandiona?"

Mkwiyo uja unasowa kolowera. Kochi anali kutali ku Lilongwe, a Thomson anali atapita, ndipo amene anati wa pa benchi amuonerenji anali iwo eni.

"Adada? Mukundimva? Ndati mwandiona?"

"Amama ako akuona," anatero a Zgambo, napereka foni kwa nyaShaba.