Tsiku Limene a Esha Anasambitsa Mkazi wa Mwenye

Kunyanja kwa Maganga, mayi wachisilamu akatsikira kulichete, uthenga unkayamba wafika kwa a Esha abiti Idi usanapite kwa abale akutali. Iwo ndiwo ankasambitsa maliro a amayi. Ntchitoyi anaiphunzira kwa azakhali awo atangobereka mwana wachiwiri, ndipo anaigwira zaka makumi atatu osayembekezera malipiro kwa munthu. Chakudya chawo chinkachokera m'dengu la nsomba. Amuna awo ankapha nsomba kuchilumba cha Mbenji, iwo n'kumasenza kukagulitsa ku Salima. Amunawo atamwalira, anapitiriza ndi nsomba za alamu awo.

Koma chimene anatchuka nacho kwambiri ndi mafunso. Sitima itangoyamba kufika ku Salima, a Esha anatha tsiku lathunthu pasiteshoni, nsomba zikuwola m'dengu, kufuna kudziwa kumene madzi onse amene imamwa amapita. Tsiku lina anafunsa Shehe Mustafa wa kumzikiti wa kwawo chifukwa chimene mkazi saloledwa kuponda pa Mbenji, chikhalirecho nsomba za pachilumbacho zimafika kumsika pamutu pa mkazi. Shehe anakanda ndevu nati zimenezo m'buku mulibe, akafunse eni chilumba.

Panali funso lina limene ankalisunga mumtima. Amwenye a masitolo a ku Salima ankasala mwezi womwewo ndi Asilamu a kunyanja, popemphera n'kumayang'ananso mbali yomweyo. Koma mkazi wawo akamwalira, pankabwera amayi achimwenye pasitima kuchokera ku Limbe, n'kudzitsekera m'nyumba. Kumsika ena ankati maliro awo amasambitsidwa ndi mkaka, ena ankati ndi mafuta onunkhira okhaokha. A Esha ankangomva, mtima uli dyokodyoko.

Mmodzi wa amayiwo ankamudziwa. Dzina lake anali Khatija, mkazi wa Gulamu amene anali ndi sitolo ya nsalu pafupi ndi siteshoni. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi Khatija ankagula chambo kwa a Esha kukhomo lakuseri. Ankaika mbale pansi, kubwerera pang'ono, n'kuloza ndi chala nsomba imene waifuna. Chanza sanagwiranepo.

Chaka chachiwiri nkhondo yaikulu itatha, mwezi wa Febuluwale, kunagwa mvula masiku atatu osalekeza. M'mawa wa tsiku lachinayi kunacha bwino, ndipo Shehe Mustafa anafika panjinga, matope mpaka m'mawondo.

"Abiti Idi, mkazi wa Gulamu watisiya mbandakucha. Malungo. Madzi akokolola njanji kumunsi kwa Chipoka, msewu wa ku Lilongwe nawo sukupitika. Mayi wina yekhayo wachimwenye amene amakhala kuno anapita ku Limbe kukachira."

"Nanga mwamuna wake? Suja munatiphunzitsa kuti zikavuta mwamuna angathe kusambitsa mkazi wake?"

"Kwa ife, inde. Kwa iwo saloledwa."

"Ndiye wandiitana?"

Shehe anayang'ana pansi. "Sanakuitaneni. Ndakuitanani ndine."

A Esha anatenga mpango wawo, nadutsira kwa a Salma, mlamu wawo amene ankawathandiza kuthira madzi. Njira yonse a Salma ankang'ung'udza.

"Mlamu, atithamangitsa ngati nkhuku. Inu mukufuna kukasambitsa kapena kukasuzumira?"

"Zonse ziwiri," anayankha a Esha. "Mulungu akudziwa, ndingabisirenji?"

Anafika dzuwa lili paliwombo, ndipo kutentha kwa ku Salima mvula ikakata aliyense amakudziwa. Maliro sakanatha kudikira mawa. Manda anali atakumbidwa kale, amuna atakhala mumthunzi wa mtengo wa mango. Gulamu anali chiimire pakhomo la nyumba yake, maso ali kusiteshoni.

"Pepani, bwana, ndi zovutazi," anatero a Esha atagwada pang'ono.

"Zikomo, mayi. Sitima ibwera. Tidikire."

"Sibwera lero, Gulamu," anatero Shehe. "Ngakhale mawa."

"Tidikire," anabwereza, osasuntha pakhomopo.

A Salma anakoka nsalu ya mlamu wawo kuti azibwerera. Koma a Esha anali atafika pakhomo la funso lawo, ndipo sakanachoka chimanjamanja.

"Bwana, ndifunseko. Amayi a ku Limbe aja akabwera, amasambitsa ndi chiyani?"

Gulamu anawayang'ana modabwa. "Madzi. Madzi ndi sopo."

"Osati mkaka?"

"Mkaka? Ayi!"

"Amayambira mbali iti?"

"Kumanja."

"Kangati?"

"Katatu."

"Nanga sanda ya mkazi, nsalu zake zimakhala zingati?"

"Zisanu."

A Esha anatembenukira kwa mlamu wawo. "Mwamva, a Salma? N'chimodzimodzi!" Kenaka anabwerera kwa mwini maliro, ndipo sanafunse mwamwano, ankafunadi kudziwa. "Ndiye chimene amabwera nacho pasitimapo n'chiyani, bwana, choti ife kuno tilibe? Mutiuze, mwina tikachipeza."

Gulamu anayang'ana manja a mayiyo, okhakhala ndi mamba a nsomba, nayang'ananso kusiteshoni.

"Anali wamanyazi kwambiri," anatero motsitsa mawu. "Mlendo sanamuonepo ngakhale tsitsi."

"Maliro onse ndi amanyazi, bwana. Timasambitsa pansi pa nsalu. Dzanja ndilo limagwira ntchito, diso limakhala kumbali."

Gulamu anachoka pakhomo paja kuti amayiwo alowe, nakakhala pansi pakhonde, nkhope ili m'manja.

M'chipindamo munkanunkhira lubani. Khatija anali pamkeka, wamng'ono kuposa mmene ankaonekera ali chiimire. A Esha anatchula dzina la Mulungu, nakulunga kansalu kudzanja lawo, a Salma n'kumathira madzi. Atagwira dzanja lamanja la malemuyo, anaima pang'ono. Padzanjapo panali zipsera za mafuta otentha, zofanana ndi zimene iwo anali nazo chifukwa chokazinga nsomba. Zidendene zinali zong'aluka. Pomasula tsitsi kuti alitsuke ndi kuliluka katatu, anapezamo imvi zobisika. A Esha anazindikira kuti akumulankhula monga ankachitira ndi amayi onse a kwa Maganga.

"Tembenuka pang'ono, mwana wa eni. Madziwa ndi ofunda, usaope. Tatsala pang'ono."

Atatha, anaitanitsa nsalu. Gulamu anatumiza silika wokongola wa m'sitolo mwake. A Esha anamusisita ndi zala kawiri, poti anali asanamugwirepo chibadwire, kenaka anamubweza.

"Auzeni atipatse yoyera ija amatigulitsa tonsefe."

Anaiyeza ndi mkono wawo, naing'amba zidutswa zisanu.

Jeneza, chithatha chonyamulira maliro, inatuluka dzuwa litapendeka. Amwenye aamuna analipo atatu okha, choncho asodzi ndi onyamula katundu a pasiteshoni ankalandizana nawo mapewa mpaka kumanda. Amayi sapita kumanda. A Esha ndi a Salma anaima pakhonde mpaka gulu litakhota, natsuka ndowa, n'kuyamba ulendo wobwerera.

Asanatuluke m'tauni, amayi a kumsika anawazungulira.

"Abiti Idi, tiuzeni! Mwaona zotani? Khungu lake ndi loyera thupi lonse? Za mkaka zija n'zoona?"

A Esha, amene moyo wawo wonse sankatha kusunga yankho pakamwa, anamva lilime likuyabwa. Koma wosambitsa maliro saulula zimene waona pansi pa nsalu, kaya ndi za mfumukazi kaya za wopemphetsa. Khatija naye anayenera kubisiridwa chimodzimodzi.

"Madzi anatha ndowa zitatu," anatero, "monga mmene adzathere pa ine ndi inu. Tipatseni njira, kwathu n'kutali."