Dzina Limene a Wilson Anayankha

Chiperoni chikatsika m'phiri mwezi wa Juni, tiyi amasiya kuphuka. Mitengo imagona, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yodulira. Odulira amadzuka kukali nkhungu, chiguduli kumutu, mpeni wokhota m'manja, n'kukaima pamzere kuti kapitawo aitane maina. Wosayankha amalembedwa kuti wajomba. Wojomba katatu popanda kalata ya kuchipatala ntchito imamuthera, ndipo nyumba yake ya kampani ya kulayini imapita kwa wina.

A Wilson anadulira tiyi pa esiteti ya kwathu zaka makumi atatu ndi zinayi. Anawoloka mtsinje wa Muloza ali mnyamata, kuchokera kutsidya kwa Apwitikizi. Kalaliki amene anawalemba ntchito analephera kutchula dzina lawo lachilomwe, ndiye anangowapatsa lakuti Wilson. Dzinalo linamera mizu: m'buku la kampani, kutchalitchi, pa khadi la chipani. Masiku amenewo wolankhula Chilomwe pagulu ankasekedwa, choncho iwo ndi akazi awo a Enifa ankachilankhula chitseko chili chotseka. Ana awo sanachiphunzire.

Chaka cha 1983 a Wilson anayamba kuiwala. Poyamba zinali zazing'ono, monga kumene aika fodya. Kenaka anasokera pochokera kumtsinje, njira imene anayenda theka la moyo wawo. A Enifa anawatengera ku chipatala cha ku Mishoni.

Dokotala wake, a Moffat, anali munthu wokonda kuwerenga. Anawafunsa tsiku, mwezi, dzina la mudzi. A Wilson anangomwetulira.

"Mayi, mutu uli ngati esiteti yomweyi," anatero a Moffat. "Muli minda yambiri, ndipo pakati pake pamayenda amithenga. Ndi timadzi ting'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, timene ubongo umadzipangira. Kena kamati sunga ichi, kena kamati tulutsa icho, kena kamaletsa kanzake. Tikasiya kumvana, zinthu zimakhalamo ndithu koma wokazitenga palibe."

"Nanga jakisoni wake?"

"Ngakhale kunja akadali kufufuza. Koma zimene munthu anaphunzira kalekale, ndi zimene manja anazolowera, nthawi zambiri zimatsalira. Muzifunafuna khomo limene likadali lotseguka."

A Enifa anapempha kalata. A Moffat anati akhoza kulemba, koma kalata yonena kuti mutu wafooka ndi yomwe ingawachotsetse ntchito msanga. Anabwerera opanda kalata.

Lolemba chiperoni chinafika. A Wilson anadzuka okha, nanola mpeni bwinobwino, n'kukaima pamzere. Kapitawo Pilato anaitana: "Wilson!" Iwo anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna kuona mwini dzinalo. Pilato anaitananso, kenaka analemba. Lachiwiri zinali chimodzimodzi.

Lachitatu a Enifa anawaperekeza, atafunda chitenje kumutu.

"Kodi mayi, mwayamba kudulira nanunso?" anafunsa Pilato. "Mpeni uli kuti?"

"Mpeni wanga ndi pakamwa pano, a kapitawo. Bambowa dzana ndi dzulo analipo. Munawaona ndi maso anu."

"Maso anga salowa m'buku. Kalaliki amakhala apo, amamvera mawu. Munthu wosadziwa dzina lake ndimupatse mzere wa tiyi? Akadula chala chake, mlandu ndi wanga."

"Akuti ayiwala dzina, koma mowa wa kwa Doris sayiwala njira yake!" anakuwa wina kumbuyo, anthu n'kuseka.

Pilato anatsegula buku. "Wilson!"

Zii. Madzi ankadontha kuchokera pa chiguduli cha a Wilson.

Ine ndinali pamzere womwewo, wachitatu kuchokera kwa iwo. Ndinaona a Enifa akuyang'ana kalaliki, n'kuyang'ananso anyamata awiri a chipani amene ankagulitsa makhadi pansi pa mtengo. Dzina lachilomwe la amuna awo, limene a Enifa anali nalo pakamwa, sanalitchule panja chikwatiwire. Anakonza chitenje, nasendera pafupi ndi amuna awo.

"Muhiwa!"

Anaitana mokweza, mmene mayi amaitanira mwana ali kudambo, n'kuwonjezera mawu angapo a Chilomwe. A Wilson anawongoka msana. Anayankha mwamphamvu, m'Chilomwe chomwecho, mpaka mawu anakamveka ku shedi yoyezera masamba.

Mmodzi wa anyamata a makhadi anaseka. Pamzere panalibe amene anamuthandiza. Ambiri a ife tinamva zimene a Enifa ananena, ngakhale tinali tisanavomerepo kuti timamva.

Pilato anakanda m'mutu ndi pensulo. "M'buku muno mulibe Muhiwa."

"Koma wayankhayo ndi ndani, a kapitawo?"

Pilato anayang'ana kalaliki, kalaliki anayang'ana nkhungu. Kenaka Pilato anang'ung'udza mawu awiri, ndipo sanali a Chichewa. Anachonga m'bukumo.

"Mawa mubwerenso, mayi. Ine lilime langa lidachita dzimbiri."

Anapatsa a Wilson mzere wa kumapeto, moyandikana ndi wanga. A Wilson anazika kamtengo koyezera msinkhu wodulira pambali pa chitsamba choyamba, nachizungulira kamodzi. Anagwira nthambi ndi dzanja lamanzere, mpeni n'kukwera kuchokera pansi, kudula mopendeka kuti madzi asakhale pabala. Nthambi ina, inanso. Atamaliza anayala chikhatho pamwamba pake, napeza kamphukira kamodzi kotalika, nakadula. Anazula kamtengo kaja, napukuta mpeni pa chiguduli.