Mpando Umene Unkanditsata

Tinafika ku Nkhata Bay pa sitima ya Ilala tsiku lina dzuwa likuswa mtengo, ine, amuna anga ndi ana athu awiri. Boma linali litawasamutsa kuchoka ku Blantyre kuti adzakhale kalaliki pa boma pamenepo. Katundu wathu anali mabokosi atatu, makina osokera, ndi mtondo umene ndinakanitsitsa kuusiya.

Padoko anthu anatiyang'ana, ndipo sindiwadzudzula. Amuna anga ndi Mchewa wa ku Dowa, wakuda bii. Ine bambo anga anali mzungu wa kuminda ya tiyi ku Thyolo, amene sindinadyepo naye mbale imodzi. Anandilera ndi mayi anga, Mlomwe wa khasu m'manja. Mwana wathu wamkazi anatengera ine, wamwamuna anatengera bambo ake mpaka zikhadabo. Wonyamula katundu wina anafunsa amuna anga kuti, "Achimwene, mabokosi a Dona wanuyu tipite nawo kuti?" Ankayesa ndi wantchito wanga. Iwo anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma ine sindinaseke.

Ku Blantyre tinali titatopa. Abale anga achikaladi ankati ndadzitsitsa pokwatiwa ndi munthu wakuda. Abale a amuna anga ankati mkazi woyera sagwada. Choncho ndinafika kumalo atsopanowa makutu ali tcheru, kudikira mawu oyamba achipongwe kuti ndiwabweze ndi chiwongoladzanja.

Mawuwo sanabwere. Unabwera ndi mpando.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala mayi wina wamtali, Mtonga, amene aliyense ankangomutchula kuti Ama. Tsiku loyamba ndinapita kukawapatsa moni. Azimayi anayi anali pamphasa akusenda chinangwa, akuseka mokweza. Atandiona, kuseka kunazima. Ama anathamangira m'nyumba, nkutuluka ndi mpando wa ndalema, kuupukuta ndi chitenje chawo. "Khalani apa, Dona." Ndinati ndikhala pansi. Anakana ngati ndanena zolaula. Ndinakhala pamwamba ndekha, ndikuona mipango ya kumutu kwawo.

Kuyambira pamenepo mpando unkanditsata. Kumsonkhano wa azimayi a mpingo, mpando. Kusikelo ya ana, mpando. Ngakhale pachipata cha msika, anyamata achipani amene ankaimitsa aliyense kufunsa khadi lachipani, ine ankangondikodola kuti ndidutse. Tsiku lina ndinatulutsa khadi langa nkulikankhira kumaso kwa mmodzi. "Liwerenge! Ndinagula ngati amakowa!" Anangoti, "Yewo, Dona," nkundipatukira.

Chipongwe umatha kuchiyankha. Koma ulemu ungauyankhe bwanji? Ndinkabwerera kunyumba mtima ukuwawa popanda woti ndimudzudzule. Ndinali wosungulumwa kuposa mmene ndinalili ku Blantyre, kumene anthu ankandinena koma ankandinena pafupi.

Amuna anga anaona. Analemba kalata yopempha kuti atisamutsenso, nkuiika pamwamba pa kabati. "Mayi a kunyumba," anatero, "ine kuno ndakukonda, ana akukonda. Koma sindingakusungeni pamalo pamene mukufota. Mukati tipite, ndikaipereka. Mukati tikhale, ing'ambeni." Kalatayo inakhala pamenepo milungu itatu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaipukuta fumbi.

Nthawi imeneyo ufa wachimanga unkasowa, ndipo ana anga anali atayamba kale kudya kondowole, nsima ya chinangwa, kwa anzawo. Ndinati nanenso ndiphunzire. Ndinagula chinangwa pamsika, ndikusenda, nkutsatira azimayi kukamtsinje kumene ankaviika. Mayi aliyense anali ndi kadziwe kake kotchinga ndi miyala, pamwamba atafunditsa masamba a nthochi. Ama anandilanda dengu. "Dona asalowe m'matope." Anandiviikira okha, ine nditaima pamtunda ngati kapitawo. Anati ndibwere pakatha masiku anayi.

Tsiku lachinayi ndinalawirira ndekha, kuti pasapezeke wondilanda dengu. Koma maiwe aja onse anali ofanana m'maso mwanga. Ndinafukula limodzi, ndinapeza chinangwa chofewa bwino, chochuluka kuposa mmene ndinkakumbukira. Ndinati madzi a kuno ndi odalitsika, chinangwa chimaswana. Ndinasenza, kukasinja mumtondo wanga uja, nkuyanika pabwalo. Fungo lake linali loti ntchentche za boma lonse zinabwera kudzandiyamikira. Ndinali wonyada kwabasi.

Dzuwa lisanafike pamutu ndinamva mapazi. Anali Ama, chitenje atamangira m'chiuno, thukuta lili kamukamu.

"Chinangwa changa!" anakuwa. "Cha ukwati wa mwana wanga Loweruka! Simunaone udzu womanga mfundo pamwamba? Mwana woyamwa amadziwa kuti mfundo ija ndi yanga! Maso a mphakawo ndi okongola chabe, saona?"

Chichewa chitawathera, anapitiriza m'Chitonga, ndipo ngakhale sindinkamva, ndinadziwa kuti sakundidalitsa. Magazi a mayi anga anawira. Nanenso ndinamanga chitenje.

"Mukanandilola kulowa m'madzi ndekha, bwenzi ndikudziwa dziwe langa! Munandiimika pamtunda ngati chidole cha m'sitolo! Anakuuzani ndani kuti mapazi anga amasungunuka?"

"He! Kani pakamwa muli napo!"

"Ndili napo kuyambira kale! Mumandifunsa?"

Azimayi anali atadzaza kumpanda, ena ana kumsana, ena zipande m'manja. Ama anawerama, natapa chinangwa chija, nkuchifikisa ndi zala. Anatulutsamo ulusi wautali wapakati, nkuukweza kuti onse aone.

"Taonani! Kuba waba, koma ngakhale kuchotsa mitsitsi sadziwa. Alendo anga adzatsamwa nazo izi!"

Mayi wina kumpanda anaphulika nako kuseka. Kenaka wina. Ndinayang'ana ulusi uja ukulendewera pa zala za Ama, ndipo mkwiyo wanga unathyoka pakati. Ndinaseka mpaka misozi. Ama anayesetsa kuumitsa nkhope, koma mapewa awo anawapereka.

"Musaseke," anatero akupukuta m'maso. "Wolani zonsezi, musenze, mupite nazo kwathu. Mukhala pansi muchotse mtsitsi uliwonse. Mukatha mukafukule chanu chija mubweretsenso. Ndipo mpaka Loweruka ndinu wantchito wanga."

Sindinalamulidwepo mokoma chotero chibadwire. Masiku atatu ndinasinja, ndinasefa, ndinatunga madzi, ndinapala mamba a nsomba mpaka manja kununkha. Anandiseka kasenzedwe kanga, anandiseka Chitonga changa chothyokathyoka, anandifunsa ngati amuna anga ndinawapeza ndi mankhwala a ku Thyolo. Nanenso ndinawaseka kuti Atonga amatchena ngakhale popita kukataya zinyalala. Dzina loti Dona linafera pamtondo pomwepo. Ndinasanduka Wakuba Chinangwa, ndipo ndinkavomera ndi mtima wonse.

Loweruka titachoka kutchalitchi, anthu anadzaza pabwalo la Ama. Ndinauona mpando wa ndalema uja uli pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinayesa kuti aikiranso ine. Koma panakhala amalume a mkwati, atavala suti ndi chipewa, akudzikupiza ndi mpango. Palibe amene anawadzutsa. Ndinaima pafupi ndi mphasa ya azimayi, yodzaza kale. Ama anandikoka chitenje osandiyang'ana nkomwe.

"Mwaimiranji ngati mlendo? Senderani uko, inu, Wakuba Chinangwa akhale."

Ndinapanikizika pakati pa ntchafu za anthu awiri. Mayi wina amene ankafuna kukavina anangonditula khanda lake pamiyendo osapempha. Posakhalitsa ndinamva kufunda, diresi langa la ku Blantyre litanyowa. Azimayi anakuwa kuti mwana wandisankha. Ndinakondwa, ndikunena zoona, ndinakondwa ngati ukwatiwo unali wanga.

Kutsidya kwa bwalo amuna anga anali pakati pa azibambo, ana athu awiri akuthamangitsana ndi anzawo m'fumbi. Amuna angawo anandiyang'ana ndili pansi, diresi lonyowa, tsitsi lili ndi ufa. Anakweza nsidze ngati akufunsa za kalata ija. Ndinawapukusira mutu kuti sitichoka.

Kalata ija sindinaing'ambe. Lolemba ndinakulungiramo usipa wouma wopatsa Ama. Tinakhala ku Nkhata Bay zaka khumi ndi chimodzi, ndipo mpaka tsiku limene tinakweranso sitima, palibe amene anandipatsanso mpando.