Kamba wa alamu amabwerera osamasula

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga Esinati, anathyoka fupa la paphewa Lachiwiri lapitali. Musaganize kuti anawombedwa ndi lole ayi. Njinga inali itaima kale pa Manjawira. Anangoti atsitse phazi, chizungulire n'kuwagwira, n'kugwera pamchenga. Kugwa koti mwana amadzuka n'kusasa fumbi, iwo fupa linathyoka.

Munthuyu si nkhalamba. Amakweza matumba a kachewere ku Biriwiri n'kupalasa mpaka pa boma, masiku ena mpaka ku Manjawira komweko. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti mtunda wonsewo amauyenda m'mimba mulibe kanthu. Esinati amawamangira kamba m'mawa uliwonse, mbatata yophika ndi mtedza. Madzulo kaphukusiko kamabwerera osamasula, ana n'kugawana.

Chifukwa chake? Akuti kudya kumalemeretsa miyendo pachitunda. Akutinso anzawo apanjinga amamuseka munthu womasula kamba panjira, ati ndi mwana wasukulu. Ndiye amangomwa madzi pamjigo, ulendo n'kupitirira.

Kuchipatala, dokotala atamva kagwedwe kake, anafunsa zimene alamu amadya akakhala paulendo. Iwo anayamba kunyada kuti amatha kupalasa mpaka dzuwa kupendeka osalawa kanthu. Ine manyazi anandigwira m'malo mwawo.

Dokotalayo anatifotokozera kuti fupa si chikuni chouma monga timaganizira ambirife. Ndi lamoyo, limagumuka n'kumangidwanso tsiku ndi tsiku, ndipo limatumiza m'magazi timadzi take totchedwa mahomoni tothandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga pamene minofu ikulimbana ndi ntchito. Munthu akamapalasa tsiku lonse osadya, thupi limasiya kumanga mafupa kuti mphamvu yochepayo ipite kumiyendo. Mchere wolimbitsa mafupa winanso umatuluka ndi thukuta, thupi n'kumakatapa m'mafupa momwemo. Zili ngati kugumula khoma la nyumba yako kuti upeze njerwa za mafuwa.

Kenako anawayang'ana alamu n'kunena kuti, "Bambo, lero ndi phewa. Mukapitiriza chonchi, tsiku lina chidzakhala chiuno, ndipo njingayo simudzaikweranso."

Mukuganiza kuti alamu anayankha chiyani? Anatembenukira kwa Esinati n'kufunsa ngati njinga yasungidwa pabwino, poopa kuti tcheni chingachite dzimbiri.

Koma abale!

Njinga imeneyi amaipukuta Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi. Sipoko ikangokhota, salola kuti igone choncho. Girisi sasowa pakhomo paja. Koma mwini wake woipalasayo, amene ana amadya chifukwa cha miyendo yake, amayenda ngati ndi wachitsulo.

Ndipo si alamu okha. Taimani pamsewu m'mawa muone a makala, a kabaza, a kabichi, onse milomo ili mbuu, akupikisana kuti wopirira njala ndani. Ife amayi nafenso tisadzichotsepo, chifukwa ndife timawatama pamaliro kuti uje anali mwamuna, ankagwira ntchito osadya. Tinauyamba liti mwambo woti chamuna ndi kukana chakudya? Agogo awo popita kudambo ndi ng'ombe ankanyamula chimanga chokazinga, ndipo palibe ankawatcha ana asukulu.

Panopa mvula yayandikira, munda sunathe kugalauza, ndipo dzanja la alamu lili m'nsalu yokoleka m'khosi. Khasu lonse lagwera Esinati. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu, koma nkhwangwa iyi yatema ndi wosalakwa yemwe.

Dzulo ndinapita kukawaona kunyumba, nditanyamula usipa ndi mkaka monga anatilangizira dokotala. Anayamba kudya bwinobwino pakhonde. Posakhalitsa anzawo awiri apanjinga anatulukira kudzawazonda, ndipo ndinaona ndi maso angawa alamu akukankhira mbale ija kuseri kwa mpando ndi phazi.

Ndinaitenga n'kuibwezera pamiyendo pawo, anzawowo akuona.

"Alamu, idyani. Chiuno chikadzathyoka, awa amakusekaniwa ndi amene adzalime munda wa Esinati?"