Mabwato a Madamu NyaLuhanga

Tsiku loyamba la chaka cha sukulu, Madamu NyaLuhanga sankaphunzitsa. Ankakhala pampando wawo pakona, atapinda manja, n'kumayang'ana ana a Sitandade 2 akusokosera ngati pamsika. Ankaona amene watsegula buku molunjika, amene waligwira chozondoka, ndi amene akubisala kumbuyo kwa mnzake. Tsiku lachiwiri ankawakhazika awiriawiri, wochangamuka pambali pa wouma mutu, ndipo awiri amenewo ankawatcha bwato. Mpaka lero mukafika pa Rumphi boma mudzamva abambo a mimba zawo akulozana kuti, "Uyu anali wa m'bwato langa," mlendo n'kumadabwa kuti anthu a m'mapiri a Nchenachena analidziwira kuti bwato.

Anabwera nalo ndi Madamuwo. Dzina lawo ndi Kezia Luhanga, mwana wa a Hezron, msodzi wa ku Mlowe. Bambo awo sankalola munthu wosadziwa madzi kukwera bwato yekha. Ankamuika ndi wodziwa, wina azipalasa, wina azikapa madzi, mpaka wosadziwayo atazolowera. Kezia atamaliza kosi ya uphunzitsi mu 1986 anamutumiza kusukulu yathu ya pamtunda, kumene anafika ndi sutikesi imodzi ndi juzi yobwereka, n'kulira sabata yathunthu chifukwa cha kuzizira. Anakwatiwa konkuno, anaika mwamuna wake konkuno, ndipo kunyanja ankangopitako pa maliro ndi pa Khirisimasi. Koma nzeru ya bambo ake sanaisiye kumadzi.

Ine, Joel Harawa, ndinalowa m'kalasi mwawo mu 1994, chaka chimene sukulu inakhala yaulere ndipo ana tinasefukira mpaka pakhonde. Tinalipo zana ndi makumi awiri, mabuku makumi atatu. Kwathu tinkalankhula Chitumbuka chokhachokha, ndiye Chichewa cha m'bukumo chinkandizungulitsa mutu. Madamu anandiika m'bwato limodzi ndi Stanley, mwana wa mlangizi wa khofi wochokera ku Dedza. Ndimakumbukirabe fungo la kalasi imeneyo: choko, utsi wa m'zovala zathu, ndi magwafa amene tinkabisa m'matumba. Mvula ikamenya malata mawu a Madamu sankamveka, ndiye ankangokweza dzanja, mabwato onse n'kuweramira pa mabuku, mitu iwiriiwiri itagundana. Masiku amenewo ndimawasowa, sindibisa.

Patapita zaka zambiri ndinabwerera pasukulu yomweyo ngati mphunzitsi wamkulu. Madamu ndinawapeza m'kalasi yomwe ija, mpando womwe uja, mawondo okha ndiwo anali atayamba kuwakana. Pamaso pa anthu ankanditcha "ahedi". Ndikawalakwira ankabwerera ku "Joel", ndipo ine ndinkaimirira mosadziwa.

Chaka chawo chomaliza asanapume pantchito, bungwe lina linatibweretsera matabuleti makumi anayi, mahedifoni ake, ndi sola ya padenga. Galimoto yawo inatitimira kawiri isanafike. Anatifotokozera kuti m'matabuletimo muli pulogalamu ya nzeru za makina, yophunzira kuchokera kwa mwana mwiniwake. Mwana akagwira chithunzi chake, makinawo amamupatsa mafunso, amaona pamene akulakwa ndi pamene akuchedwa, n'kumusankhira phunziro lomuyenera iye yekha. Wokhoza amamukankhira kutsogolo, wovutika amamubweza pang'onopang'ono. Lachisanu lililonse ankatumiza lipoti la mwana aliyense pa tabuleti ya ku ofesi kwanga. Lamulo linali limodzi: mwana mmodzi, tabuleti imodzi, theka la ola, gulu lina likatuluka lina lilowe.

Madamu anamvetsera zonsezo akugwedeza mutu. Alendo atachoka anayamba ndi zikomo wa Chitumbuka, nati, "Yewo chomene, atibweretsera mphunzitsi wopanda miyendo. Mwana akajomba adzamulondola bwanji kwawo?" Koma sanali munthu wokana zinthu. Pofika sabata yachiwiri ankadziwa kuzitchaja ndi kuzipukuta kuposa achinyamata, ndipo malipoti a kalasi yawo ankakoma kuwawerenga. Ine ndinkadzitama nawo pamisonkhano ya ahedi anzanga.

Dzina limene linkandisangalatsa kwambiri linali la Mtende. Mtsikana ameneyu anali ndi zaka khumi, ndipo aka kanali kachitatu kukhala mu Sitandade 2. Mayi ake anali atanena poyera kuti akalepheranso basi, azikhala pakhomo kulera ang'ono ake ndi kuthyola khofi, chifukwa sukulu si ya aliyense. Tsopano lipoti linkati Mtende akuwerenga nkhani za Sitandade 4. Ndinatsala pang'ono kulemba kalata yothokoza bungwe lija.

Mwezi wa Febuluwale lipoti linasintha. Makinawo analemba kuti Mtende wabwerera m'mbuyo mwadzidzidzi, akulakwa pafupifupi funso lililonse, ndipo masiku awiri omaliza sanagwire n'komwe chithunzi chake. Ndinayang'ana m'kaundula ndipo ndinapeza kuti wa m'bwato lake, Pamela, anali atagona sabata yonse ndi malungo. Mtima unandiuza kanthu, koma ndinafuna kuona ndi maso. Lolemba Pamela atachira, Mtende nayenso anatulukira, ndipo ine ndinakaima pawindo nthawi ya matabuleti.

Ana onse makumi asanu ndi atatu anali m'kalasi, palibe gulu limene linatuluka. Anakhala m'mabwato awo, tabuleti imodzi pakati, hedifoni atayipotokola kuti khutu limodzi likhale la uyu, lina la uyo. Atatha mphindi khumi ndi zisanu pa chithunzi cha wina, ankasinthira pa chithunzi cha mnzake. Pa chithunzi cha Mtende, chala chimene chinkayankha chinali cha Mtende ndithu, koma chigongono cha Pamela ndicho chinkachiuza kopita. Makina aja, ndi nzeru zawo zonse, anali ataphunzira Pamela kawiri, Mtende osamudziwa n'komwe. Tsiku limene Mtende anatsala yekha makinawo anamupatsa nkhani ya masamba atatu, mwana amene sankatha kulumikiza zilembo ziwiri.

Ndinawaitana Madamu ku ofesi ana ataweruka. Ndinayamba mwaulemu, kuwakumbutsa lamulo lija.

"Ahedi," anatero, "mukufuna ana makumi anayi azikhala panja pamphepo anzawo akuphunzira? Ndipo wosadziwa akhale yekha ndi galasi? Ine zimenezo yayi. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, palibe mwana wanga anamira."

"Mtende wamira, Madamu. Makinawa amakhulupirira chimene chala chawauza. Akumupatsa zolemera chifukwa akuganiza kuti ndi Pamela."

"Ndiye ndi opusa makina anuwo."

"Opusa kapena ayi, mwanayo satha kuwerenga."

Nkhope yawo inasintha. "Joel," anatero, ine n'kupezeka ndaimirira. "Iwe amene ndinakupukuta mamina, lero ukundiuza kuti bwato ndi bodza? Unaphunzira kuwerenga kuti iwe?"

Pamenepo ndikanakhala chete. Koma ndinapsa mtima, ndipo ndinanena chinthu chimene ndinachisunga zaka makumi atatu. Ndinawauza kuti ndinatuluka m'kalasi mwawo ndisakudziwa kuwerenga ngakhale dzina langa. Akandiloza kuti ndiwerenge, Stanley ankanong'ona ataweramitsa mutu ngati akupemphera, ine n'kumabwereza mokweza. Tsamba lonse ndinkaliloweza pamtima ngati nyimbo ya kwaya. Pamayeso ankapendeketsa pepala lake. Kuwerenga kwenikweni ndinakudziwa ndili mu Sitandade 4, pamene Stanley yemweyo anatopa nane n'kuyamba kundilembera zilembo ndi khala pa matebulo oyanikira khofi, akunditukwana.

Madamu anayang'ana manja awo. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye ndinabisa ana angati?" Anatuluka akutsimphina, osatseka chitseko. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndinadzida. Munthu watsala miyezi isanu kuti apume, ine n'kumuthyolera ndodo imene wayendera moyo wake wonse.

M'mawa mwake ndinawapeza pakhomo la ofesi ndisanatsegule. Sanandipatse moni. Anati, "Mubwezereni Mtende koyambirira. Mphunzitsi wanu wopanda miyendoyo amudziwe bwino." Tinafufuta zonse za Mtende, ndi za ana ena khumi ndi asanu ndi awiri amene Madamu anawatchula okha, mayina ali kale papepala. Kuyambira tsiku limenelo theka la ola la tabuleti linakhala la mwana yekha. Gulu lodikira ankalilowetsa m'tchalitchi kuthawa mphepo, atapempha kwa akulu a mpingo.

Mtende anabwerera ku a, e, i, o, u, mtsikana wamtali kuposa onse m'kalasimo. Anzake anamuseka, ndipo Lachinayi sanabwere. Madzulo a tsiku lomwelo Madamu anakwera phiri lopita kwawo kwa mwanayo, ulendo wa ola limodzi umene unawatengera awiri. Zimene anakambirana ndi mayi ake sindinazimve. Ndinangomva kwa anthu kuti Madamu anakhala pamphasa n'kunena kuti wolakwa ndi iwo, osati mwana, ndipo anapempha kuti awapatse mpaka Julayi. Mayi a Mtende akuti anati, "Mpaka Julayi, Madamu. Akapanda kuwerenga, khofi akumudikira."

Madamu mabwato sanawaphwanye. Lachisanu lililonse ankabwera kudzatenga lipoti, magalasi ali pamphuno, akudandaula kuti zilembo zake n'zazing'ono. Makinawo ankaonetsa ndendende pamene Mtende akupunthwa, zinthu zimene munthu mmodzi pakati pa ana makumi asanu ndi atatu sakanaziona. Madamu ankatenga zimenezo kupita nazo kwa Pamela. Tsiku lina ndinawamva akumuuza kuti, "Iwe wapalasa mokwanira. Mpatse nkhafi mnzako. Ukanong'onanso ndikukhazika wekha kutsogolo ngati mlendo." Pamela ankavutika kuposa Mtende. Ankaluma kolala ya yunifolomu kuti yankho lisatuluke.

Nthawi ina ndinawapeza atakhala okha m'kalasi, hedifoni ili kumutu, akumvetsera mmene makinawo amabwerezera phunziro limodzi kachisanu osakweza mawu. Atandiona anaivula. "Ameneyu satopa," anatero. "Koma sadziwa kuti mwana wagona ndi njala." Sindinadziwe ngati akuwayamikira kapena akuwanyoza, ndipo ndikuganiza kuti iwonso sankadziwa.

Tsiku lotsekera sukulu mu Julayi linalinso lotsanzikana nawo. Kunja anthu anali atayamba kusonkhana, amayi a mvano akuyeserera nyimbo, koma Madamu anati ayambe amaliza ntchito. Anaitanitsa mayi a Mtende kuti alowe m'kalasi, nane anandiitana. Anatenga buku limene anawo anali asanalionepo, la ku laibulale ya tchalitchi, kuti pasakhale zoloweza. Anatsegula pakati n'kumupatsa Mtende.

Mwanayo anaimirira. Anayamba mawu oyamba, anaima, anabwerera, anawalumikiza. Mizere inayi inamutengera nthawi imene wina akanamaliza tsamba. Ine ndinkayang'ana Mtende, mayi ake ankayang'ana pansi, koma Madamu maso awo anali pakamwa pa Pamela. Pamela anali atakhalira manja ake onse awiri, milomo atailuma, misozi ikutsika. Sananong'one ngakhale kamodzi. Mtende atafika pa mzere wachinayi anakweza mutu n'kuseka, chifukwa nkhaniyo inali ya mbuzi imene inadya chipewa cha abusa, ndipo anali ataimva.

Mayi ake anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Yewo, Madamu," anatero. "Abwera Seputembala."

Ndinaganiza kuti zatha, ndipo ndinayamba kulunjika kukhomo kukalandira alendo. Madamu anatenga buku lija m'manja mwa Mtende, anatembenuza tsamba, n'kuloza malo a kutsogolo kwa bolodi.

"Joel. Bwera apa. Nawenso werenga, wekha."

Ana anaseka poona ahedi awo, taye ili m'khosi, akuimirira pamene amaimirira iwo. Ine sindinaseke. Stanley anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo nditagwira bukulo khutu langa lakumanzere linadikirabe kunong'ona kwake. Ndinawerenga ndime yonse. Nditamaliza, Madamu anatulutsa cholembera chawo chofiira m'thumba la juzi, anagwira dzanja langa, n'kuchonga pachikhatho monga ankachitira ndi ana opanda kope.

"Wakhoza," anatero. "Pita ku Sitandade 3."