Mgolo wa mchenga wa apongozi anga

Kwathu kumtunda, kuseri kwa Khombedza, tinali ndi chitsime cha m'dambo chimene sichinkaphwa ngakhale m'chilimwe. Choncho nditapita ku chitengwa kufupi ndi Chipoka, sindinaganizeko n'komwe kuti munthu angavutike ndi madzi akumwa ali pafupi ndi nyanja yonse ija.

Mjigo unalipo umodzi, kuseri kwa mzikiti. Tsiku loyamba ndinakatunga pamenepo n'kutereka nyemba. Zinabwadamuka kuyambira m'mawa mpaka swala ya masana, koma zinali gwa! Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, analawa msuzi n'kuseka mpaka misozi.

"Mlamu, mwatunga pamjigo eti? Aja ndi amchere. Sopo sachita thovu, tiyi amawawa. Kuno timamwa a m'nyanja."

Ndinayamba kutunga kunyanja ngati anzanga. M'chilimwe madziwo ankaoneka bwino, koma mvula ikagwa mitsinje inkatsitsa matope ndi zonyansa za m'midzi. Pagombe pankagonanso asodzi achilendo amene analibe zimbudzi. Nyengo imeneyo ana ankatsegula m'mimba khomo ndi khomo, ndipo anthu ankangoti ndi matenda a dzinja.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anadwala atangoleka kuyamwa. Maso analowa m'kati, khungu lake ukalitsina silinkabwerera. Ndinamubereka mpaka kuchipatala, ndipo anachira, Alhamdulillah. Wa mnansi wathu, amene ankasewera naye, sanachire. Anamwino anandiuza kuti ndiziwiritsa madzi onse akumwa. Ndinavomera, koma nkhuni tinkakatola kutali, ndipo zochepa zomwe tinkapezazo zinkafunikanso powamba nsomba. Ndinkawiritsa kampoto kamodzi ka mwana, ife akulu n'kumamwa omwewo.

Pabwalo pathu pankakhalanso apongozi anga aamuna, m'kanyumba kawo ka chipinda chimodzi. Akazi awo anali atamwalira kalekale. Iwo anagwirapo ntchito kunjanji, pa thanki ya madzi, mpaka msana unawakana. Anali munthu wosalankhulalankhula. Ine ndinkawaphikira, koma mwa mwambo sindinkawayandikira. Ndikakhala ndi mawu ndinkagwada chapatali, nkhope nditayang'ana kumbali.

Tsiku lina anabwera akugubuduza mgolo wakale wa mafuta. Anauwotcha m'kati ndi mapesi, anaukwecha ndi mchenga masiku awiri, kenako anaboola chakumunsi n'kulowetsapo kapaipi kopindikira m'mwamba. Amuna anga anali kunyanja ndi ukonde wa chilimira, mlamu anali atapita kukagulitsa usipa. Ndinamva apongozi akutsokomola pakhomo la khitchini.

"Apongozi, pepani ndikuvutitseni. Ndikufuna mchenga wa pagombe, wosalala uja, ndowa zisanu ndi imodzi. Ndi timiyala. Ine msana sundilola kusenza."

Aka kanali koyamba kundilankhula popanda wina pakati. Ndinayankha ndili chogwada kuti ndamva, bambo.

Tinatsuka mchengawo limodzi, iwo mbali iyi ya beseni, ine mbali inayo, wina osayang'ana mnzake. Ankati ndizitsuka mpaka madzi otsukira atayera. Pansi pa mgolo anayala miyala ikuluikulu, pamwamba pake timiyala, kenako makala osinja, n'kumalizira ndi mchenga wambiri. Pamwamba penipeni anaikapo mbale yakale yoboolaboola, kuti pothira madzi mchenga usakumbike.

Madzi oyamba kutuluka anali otuwa ngati otsukira mpunga. Amayi amene anabwera kudzaonerera anabwerera akugwirana m'mapewa ndi kuseka. Wina anati akuluwa ukalamba wawalowa m'mutu, akuphika mchenga. Ine manyazi anandigwira, koma apongozi sanatekeseke.

"Mchengawu ndi wauwisi," anatero. "Pamwambapa pamera kandere. Kandereko ndi kamene kamagwira zoipa. Tipatseni masabata atatu. Koma tsiku lililonse uzimwa ndowa zake, usagone ndi ludzu. Ukangouma, tayambiranso."

Ndinathira tsiku ndi tsiku, m'mawa ndi masana. Sabata yachiwiri ili pakati, kunabwera uthenga woti amayi tonse a m'dera lathu tikwere lole, tikaphunzire nyimbo ndi magule kuboma chifukwa kunkabwera alendo akuluakulu a chipani. Masiku amenewo uthenga wotere sunkafunsa ngati uli ndi chochita pakhomo. Ine ndi mlamu tinamanga zitenje zathu za yunifolomu, mwana kumsana, n'kukwera. Anatiuza kuti tikagona kumeneko kamodzi. Tinagona katatu.

Ndinkavina, kuwomba m'manja, kulira nthungululu, koma mtima unali pa mgolo. Ndinkadziwa kuti amuna anga sangatunge madzi, ndipo pamudzi panalibe mkazi wamphamvu wotsala.

Lole itatitsitsa pamsewu, mayi wina wachikulire amene sanapite nafe anatichingamira.

"Apongozi ako atichititsa manyazi," anatero, koma akumwetulira. "Mwamuna wamkulu, wa ndevu zoyera, kusenza ndowa pamutu ngati mtsikana! Anyamata a pagombe amawakuwiza. Iwo amangoyenda pang'onopang'ono, hafu ya ndowa, hafu ya ndowa, kupumira pamtengo uliwonse."

Ndinawapeza atagona chafufumimba pamkeka, pansi pa mtengo wa mango, msana utawagwira moti sankatha kuwerama poswali. Nkhata imene anapota ndi kansalu kawo inali pambali. Ndinasuzumira mumgolo. Madzi anali pamwamba pa mchenga, ndipo kandere kobiriwira kanali katayamba kuyala.

Ndinaiwala mwambo. Ndinagwada pafupi penipeni ndi mkeka wawo.

"Bambo, mukanausiya. Tikanayambiranso."

"Mvula ili pafupi, apongozi," anayankha nkhope ili pansi. "Masabata atatu ena tikanawatenga kuti? Ine ndinaika ana awiri m'manda ndi matenda amenewa, amuna anu asanabadwe. Nthawi imeneyo ndinkasefa madzi a mabwana kunjanji, kwanga ana akumwa matope. Nzeru ndinali nayo, koma sindinaganize kuti ingagwire ntchito pakhomo pa munthu wamba."

Ndinapita kukatenthetsa madzi, ndipo mlamu anawathowa msana.

Sabata yachitatu itatha, apongozi anandiuza kuti nditchere kapu yagalasi pakapaipi. Madzi ankatuluka pang'onopang'ono, kamtsinje kowonda ngati udzu. Anainyamula kapuyo kuloza kudzuwa, anati Bismillah, n'kumwa. Kenako anandipatsira ine m'manja, osaiika pansi monga ankachitira ndi zinthu zina zonse. Madziwo sankanunkha ndere kapena nsomba. Anali ozizira, opanda mchere.

Amayi aja amene ankaseka anayamba kubwera mmodzimmodzi, woyamba anali mnansi amene anataya mwana uja. Apongozi anaika lamulo limodzi lokha: wofuna ndowa ya madzi oyera abwere ndi ndowa ya madzi a m'nyanja, athire yekha pambale. Mgolo unali waulesi, sunkathamangira munthu, moti ena ankatopa kudikira n'kubwerera kunyanja. Ena anakapeza migolo yawo, ndipo ine ndi amene ndinkapita kukawaonetsa kayalidwe ka miyala, pakuti apongozi sankayendanso mtunda. Mgolo ukatsekeka, tinkapala mchenga wa pamwamba pang'ono chabe ndi chipande, n'kudikiranso masiku angapo.

Sindinganame kuti matenda anatheratu. Ana ankasambabe m'nyanja, ankamwa kumene akusewera. Chaka chimene kunabuka kolera, alangizi a zaumoyo anabwera ndi mankhwala othira m'madzi. Anauzungulira mgolo wathu, anafunsa mafunso, n'kutiuza kuti tipitirize koma tizithiranso mankhwalawo mumtsuko, ndipo madzi a khanda tiziwiritsabe. Tinatero. Pabwalo pathu dzinja limenelo sipanatuluke maliro, ndipo ana anga anayi amene anabadwa pambuyo pake anakula onse.

Mgolowo unatha ndi dzimbiri patapita zaka zingapo, apongozi ali moyo. Amuna anga anagula thumba la simenti, ndipo tinawumba wina pamalo pomwepo. Apongozi anakhala pampando wawo wa ndalema akutiuza pochepetsa ndi powonjezera, akukangana ndi mwana wawo za kutalika kwa kapaipi mpaka nthawi ya swala inakwana.